Yankho: kabokosi kotuluka mwa apo ndi apo poyesa webusaiti

Achimwene, mwafunsa mmene mungalembere test (pulogalamu yoyesa ngati webusaiti ikugwira bwino ntchito) ya Selenium, chida choyendetsa browser mwachokha, pamene kabokosi kopempha chilolezo cha ma cookie (tizidziwitso timene webusaiti imasunga mu browser) nthawi zina kamatuluka ndipo nthawi zina sikatuluka, ndiponso ngati kuikapo if ndi else (kuti test ichite china kabokosiko kakakhalapo, china kakapanda kukhalapo) kungathetse vutolo. Kutheka n'kotheka, koma sindingakulangizeni kuyambira pamenepo.

Pamene pulogalamu yanu ikufunsa ngati kabokosiko kalipo, tsamba likhoza kukhala lisanamalize kutseguka, choncho yankho loti palibe lingangotanthauza kuti sikanafike. Netiweki ikamasinthasintha liwiro, test yomweyo idzadutsa pa laputopu ya mnzanu ku Matawale n'kukagwa pa yanu ku Chinamwali, popanda amene wasintha kalikonse. Choopsa kwambiri n'chakuti test ya nthambi ziwiri, ya if ndi ya else, imatha kumadutsa tsiku lililonse ikuyenda nthambi imodzi yokha, inayo itawonongeka kale, inu osadziwa.

Ndi bwino kuti inuyo mulamule zimene tsamba lionetse. Tsegulani kaye webusaitiyo, chifukwa Selenium salola kuika cookie musanafike pa adiresi yake, kenako ikani cookie ya chilolezo ndi addCookie, mutsegulenso tsambalo. Kabokosiko sikabweranso. Ndiye mukalembere test yakeyake, yoyamba ndi browser yopanda cookie iliyonse, yomwe igwe ngati sikanatuluke. N'chimodzimodzi ndi tsamba lolipirira limene limaonetsa Airtel Money kwa nambala ya 099 ndi Mpamba kwa ya 088: pamenepo pafunika ma test awiri, iliyonse ndi nambala yake.

Zilipo zina zimene simungazilamule, monga uthenga wochokera ku kampani ina. Pamenepo gwiritsani ntchito findElements, imene imabweza mndandanda wopanda kanthu m'malo moponya NoSuchElementException (cholakwika chonena kuti chinthucho sichinapezeke), koma dziwani kuti ngati munaika implicit wait (nthawi imene mwauza Selenium kuti izidikira pofunafuna chinthu chilichonse), idzadikira nthawi yonseyo isanavomereze kuti chinthucho kulibe. Ku Java, WebDriverWait pamodzi ndi ExpectedConditions.or imadikira mpaka chimodzi mwa zinthu ziwiri zimene mukuyembekezera chioneke, ndipo pokhapo if wanu amakhala ndi maziko. Musasakanize mitundu iwiri ya kudikirayi, implicit wait ndi WebDriverWait, pakuti nthawi yake siidziwikanso. Ogwiritsa ntchito Playwright, chida china chonga Selenium, ali ndi addLocatorHandler kuyambira mu 2024, yomwe imayendetsa malangizo amene mwalemba ochotsera zotchinga zoterezi ikazipeza pamene test ikufuna kuchita kanthu pa tsambalo.

Chimene ndimachikana kotheratu ndi try ndi catch womeza cholakwika mwakachetechete. Ngati mwaikadi nthambi, lembani mu log nthambi imene yayenda, kuti test ikagwa mudziwe poyambira kufufuza.