Chifukwa chake mphesa za vinyo zimakonda ku Cape

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake vinyo amene timagula kuno ku Johannesburg amachokera ku Cape. Nkhani yagona pa mvula. Kuno imagwa nthawi yotentha, monga kwathu ku Malawi, ndipo mphesa zikamapsa pachinyezi zimaola. Koma ku Stellenbosch, Paarl ndi Constantia, madera a ku Cape, mvula imagwa nthawi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Chilimwe chimakhala chouma, ndipo mphepo yochokera kunyanja, imene amaitcha Cape Doctor, imaumitsa masamba n'kuziziritsa minda. Mphesa zimapsa pang'onopang'ono, kukoma kwake n'kukhazikika.

Ulimiwu ndi wakalekale. Vinyo woyamba anafinyidwa kumeneko mu 1659, ndipo munda wa Constantia unayamba mu 1685.

Mtundu wa mphesa umene amadzala kwambiri ndi Chenin Blanc. Koma ine mtima wanga uli pa Pinotage, chifukwa inabadwira muno mu South Africa: katswiri wa mphesa Abraham Perold anakwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut mu 1925 ku Stellenbosch. Mukafuna kuona okolola ali kalikiliki m'minda, pitani mu Febuluwale kapena Malichi. Musaiwale chipewa, dzuwa lake limaswa mtengo.