Batani loimitsira mota lisathere mu PLC

Achimwene, mwati mukufuna kuika PLC (kakompyuta koyendetsa makina) pa chigayo chanu n'kulumikizako batani lofiira loimitsira mota pangozi. Batani limenelo musalilumikize ku PLC yokha, chonde. Zimene mukufuna kuchitazo ndi zomwe anatichita ife kuno ku Kamwendo pa chigayo chathu.

Tinaitana wamagetsi wina wa ku Lilongwe, wobwera ndi laputopu, kuti atiikire PLC yoyendetsa star-delta (njira yoyatsira mota yaikulu m'magawo awiri). Tsiku lina magetsi anathima tili mkati mogaya. Mwana wa mchemwali wanga amene amandithandiza ntchito anatsegula chigayo kuti achotse mgaiwa umene unatseka sefa. Magetsi atangobwera ndinamva contactor, switch yopereka magetsi ku mota, ikuti kha! m'bokosi, popanda munthu kukhudza kanthu. Mota inanyamuka yokha. Mwana anakuwa, ine kumenya batani lofiira ndi chibakera, kumenyanso, mota osaima. Azimayi odzagayitsa anataya madengu n'kuthawira panja akulira. Pamene ndimafika pa isolator (switch yodulira magetsi onse a makina) n'kudula, zala ziwiri zinali zitapita, magazi ali mbwee mu ufa wa anthu. Tinamukulunga dzanja ndi chitenje cha mayi wina, n'kumukweza njinga yamoto mpaka kuchipatala ku boma. Panjira ponse amangoti “malume, dzanja langa.”

Mmisiri wina atatsegula bokosilo anagwira pakamwa. Pulogalamu inkasunga lamulo loti mota iyende ngakhale magetsi atathima, ndiye pobwera inangopitiriza. Batani lofiira analimanga la NO (lolumikiza magetsi pokhapokha likadinidwa), waya mmodzi wopita ku input ya PLC basi, ndipo wayayo makoswe anali atadula kalekale, PLC osadziwa kanthu. Pa overload (chodula magetsi mota ikalemedwa), pa ma contact 95 ndi 96 panalibe waya n'komwe! Titamuimbira wamagetsi wa ku Lilongwe uja anati wolakwa ndi mwanayo, anapisiranji dzanja. Munthu wamkulu kuyankha choncho? Ndalama anali atadya kale, pulogalamu anaitseka ndi password, foni anasiya kuyankha. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Ndiye mverani. Batani ladzidzidzi likhale la NC (lolumikizika nthawi zonse, lodula magetsi likadinidwa), ndipo lidule mphamvu yopita ku coil ya contactor mwachindunji, pamene alemba A1, pamzere umodzi ndi 95-96 ya overload. Mukatero, waya akaduka mota imaima yokha. PLC ingouzidwa kudzera pa contact ina kuti batani ladinidwa. Magetsi akathima lamulo loyendetsa lifufutike, munthu adinenso start ndi chala chake. Contactor ya star ndi ya delta zitsekerezane ndi ma contact awo a NC, musadalire timer ya mu pulogalamu yokha, zikalowa pamodzi bokosi limaphulika. Ikaninso phase failure relay yoimitsa mota phase imodzi ya magetsi ikasowa, chifukwa pa 400 V phase imodzi ikasowa mota imangolira uku ikupsa. Pa isolator pakhale loko, kiyi m'thumba mwa amene akupisa dzanja m'makina.

Ine PLC ndinaizula tsiku lomwelo, sindifuna kuionanso pa chigayo changa. Koma inu yanuyo ikani, ndi yabwino ndithu, makamaka ngati muli ndi conveyor yoti iziyamba chigayo chikatenga liwiro. Pezani wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta), akupatseni password ndi chojambula cha mawaya. Musanamalize kumulipira, mota ikuyenda dulani main switch n'kubwezeretsa, muone ngati inyamuke yokha. Kenako amasule waya mmodzi pa batani lofiira inu muli pomwepo. Ikapanda kuima, ndalama yotsalayo musapereke.