Tchipisi sizinadye nyumba yako, mdzukulu wanga

Wandilembera mdzukulu wa ku Mchini, komboni ya muno mu Chipata, kuno ku Zambia. Ali ndi zaka 27, amagulitsa m'sitolo ya zomangira nyumba m'tauni muno, ndipo amachita lendi chipinda chimodzi ndi mng'ono wake wa kusekondale. Akuti: "Agogo, mwezi watha nditalandira ndinagula tchipisi ndi nkhuku za K100, monga ndimachitira kamodzi pamwezi. Ndinajambula n'kuika pa WhatsApp. Lamlungu titakumana kwa amayi, amalume anandinyoza pamaso pa onse kuti ife ana a masiku ano tidzafera m'nyumba za lendi chifukwa ndalama timathera m'mimba. Mtima unandipsa, ndinawayankha kuti tsobola wakale sawawa. Tsopano amayi sakundilankhula. Kodi wolakwa ndine?"

Sendera pafupi, mdzukulu wanga. Mlandu wako uli pawiri, ndipo ndiyamba ndi mbali imene ikukomera iwe.

Tiwerenge. K100 pamwezi, chaka chonse ndi K1,200. Pita nayo m'sitolo momwe umagwira ntchitomo, uone ngati ungatuluke ndi matumba khumi a simenti. Sungatuluke nawo. Ndipo ngakhale utatuluka nawo, ukawathira pati poti puloti ulibe? Kafunse mtengo wa puloti kumbali ya msewu wa ku Lundazi kapena wa ku Mfuwe, ugawe ndi ndalama ya tchipisiyo. Upeza kuti imvi zidzafika puloti isanafike, njerwa ndi malata tisanazitchule n'komwe. Pamasamu amenewa amalume ako alephera, ndipo ndikunena zimenezi ndili wa msinkhu wawo kapena kuposa.

Nyimbo imene anakuimbirayo siinayambire kwa iwo. Mu 2017, ku Australia, mkulu wina wolemera ndi malonda a nyumba, Tim Gurner, ananena pa TV kuti iye pamene ankafuna kugula nyumba yake yoyamba sankagula kotapela wophwanyaphwanya wa madola 19 ndi makapu anayi a khofi a madola anayi kapu iliyonse. Achinyamata a kumeneko, amene nyumba za ku Sydney ndi Melbourne zinali zitawathawa kale mtengo, anakwiya kwambiri. Zinamvekanso kuti mkuluyo poyamba bizinesi yake ali mnyamata anabwereka madola 34,000 kwa agogo ake. Ine nditamva nkhaniyi ndinaseka mpaka kutsokomola. Kotapela! Yemweyu amene nthawi yake ikakwana amangogwa yekha kuseri kwa nyumba, amayi n'kumamuunjika pansi ku Saturday Market? Koma nditaleka kuseka, mawu akuti "agogo ake" anandikhala pamtima, chifukwa nanenso ndili ndi agogo anga amene sindimawatchula ndikamadzitama.

Agogo angawo ndi boma.

Nyumba imene ndikukhalamo ino ku Kapata sindinaimange. Ndinalowamo chifukwa ndinali pantchito, ndipo masiku amenewo ntchito inkabwera ndi kiyi. Lendi ankadula kumalipiro, kandalama kosamveka kuwawa. Mu 1996 pulezidenti wa nthawiyo, a Chiluba, analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene akukhalamo, ndipo zinagulitsidwa motchipa kwambiri. Ndinasaina mapepala, ndinalipira, nyumba n'kukhala yanga. Sindinasale kudya ngakhale tsiku limodzi kuti ndiipeze. Kuseri ndinawonjezako tizipinda tiwiri, ndipo lero muli anyamata a msinkhu wako amene amandipatsa lendi mwezi ndi mwezi. Ndimalandira ndithu, sindikana. Koma ndikamawerenga ndalamayo pakhonde ndimadziwa kuti amene akundidyetsa ndi omwewo timawanena kuti satha kusunga.

Usanamizidwenso kuti ife tinkadya nsima ya mchere. Mwezi ukatha tinkakhala m'thaveni kuyambira masana, chibuku chikuzungulira, nyama ikupsa pamakala. Kusiyana kwake n'kwakuti kunalibe foni yotijambula. Unga nawo boma la a Kaunda linkautsitsa mtengo ndi ndalama zake. Litayesa kukweza mu December 1986, ku Copperbelt kunabuka chipolowe, ndipo mu June 1990 chinabukanso ku Lusaka. Tinali anthu osalola kuti wina akhudze mbale yathu. Ndiye lero tiime pakhomo n'kumawerengera mwana ntchafu ya nkhuku?

Kumudzi nkhani inali inanso. Bambo anga atakwatira, monga mwa chikamwini chathu cha Achewa, anakamanga kwawo kwa amayi. Malo anaonetsedwa ndi a mfumu, osalipira. Mitengo anadula kuthengo, luzi kuthengo, udzu akazi anamweta kudambo, dothi linali pompo. Chimene chinagulidwa ndi manja a anthu, ndipo anawagula ndi chiyani? Ndi chakudya. Amayi anafulula mowa ndi thobwa, anapha nkhuku, anthu anabwera kudima, denga n'kukwera tsiku limodzi. Ukamva mkulu akunena kuti kudya kumagwetsa nyumba, um'kumbutse mwaulemu kuti kwathu kuno kudya ndiko kunkaimika nyumba.

Iwe wabadwira nthawi ina. Lamulo la malo la 1995 linalola kuti malo a mafumu asandulike a pepala, mfumu ndi khonsolo akavomereza, ndipo kuyambira pamenepo dothi la m'mbali mwa tauni linakhala katundu wogulitsa. Chipata anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Minda imene tinkalimamo nsawawa lero yadulidwa mapuloti, ndipo amagula ndi amene ali nazo kale. Mu 2024 chilala chinawotcha chimanga, a Hichilema analengeza kuti dziko lili pangozi, thumba la unga la makilo 25 linadutsa K300, malaiti n'kumazima tsiku lathunthu. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa a wantchito wa panyumba anali K1,300. Chotsapo lendi, chotsapo makala, uone chotsala. N'chifukwa chake m'makomboni anthu amagula pamela pakantemba, kapepala ka unga wa tsiku limodzi ndi mafuta oyeza pakabotolo. Wogula pamela amalipira zambiri kuposa wogula thumba, si kuti sadziwa, koma ndalama ya thumba siikumana m'manja mwake nthawi imodzi. Ndalama zambiri za wachinyamata zimapitadi kuchakudya. Zimapita kunsima ndi kapenta, osati kutchipisi.

Wamwetulira eti? Dikira, mbali yachiwiri ndi yako.

Ndikukayika ngati amalume ako anapsa mtima ndi K100. Chinawalasa ndi chithunzi. Ife tinakulira pachidyerano: madzulo nyumba iliyonse inkatulutsa mbale yake, amuna kwaokha, akazi kwaokha, ndipo wamasiye ankakhuta osapempha. Mwana akapatsidwa mbewa yootcha n'kumadyera pabwalo anzake akumeza malovu, ankadzudzulidwa nthawi yomweyo: kapena gawa, kapena kadyere kuseri. Chakudya choonetsa anthu amene sunawapatse, kwathu ndi umbombo, ngakhale utachigula ndi thukuta lako. Chithunzi chako chija anachiona ndani? Anzako a kuntchito, inde. Komanso azakhali ako a kumudzi amene nkhokwe yawo inatha mu September, ndi msuweni wako amene unamuuza sabata yomweyo kuti ulibe ya transipoti. Inu mumati n'kungosangalala. Ife maso athu amawerenga kuti: onani, ndadya, inu simunadye. Amalume ako anasowa mawu onenera zimenezo, ndiye anatola a nyumba poti ndiwo anali pafupi.

Idya tchipisi zako. Munthu woima pakauntala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku asanu ndi limodzi pasabata, akalawa nkhuku kamodzi pamwezi sanabe cha munthu. Koma foni ikhale m'chikwama, ndipo mng'ono wakoyo azikhala mbali ina ya tebulo.

Tsopano pakamwa pako. "Tsobola wakale sawawa" ndi mawu oti muzinena muli nokhanokha. Iwe unawanena kwa mwini mbumba, mlongo wawo wa amayi ako, pamaso pa ana. Kwathu amalume ndiwo amakhala kutsogolo pa ukwati wako, pa mlandu wako, ngakhale pa maliro ako. Amayi ako sakukulankhula chifukwa manyazi anagwera iwo. Anthu pochoka paja sananene kuti mwana uja ndi wamwano, anati mwana wa uje sanalangidwe. Unali ndi mfundo yabwino, unaitaya ndi kalankhulidwe. Ukanangoti, "Amalume, ndamva, koma ndikupempha tsiku lina mudzandithandize kuwerenga malipiro angawa," bwenzi lero ovutika ndi manyazi ali iwo.

Ndipo poti tanena zowerenga, pali makoswe ena amene amadyadi ndalama za achinyamata, amalume ako sanawatchule. Woyamba ndi kaloba, ngongole ya katapira. Anyamata anga a kuseriwa ndimawaona: pa 15 atenga K500, pa 30 abweza K750, mwezi wotsatira abwereranso komweko, ndipo ameneyo ndi lendi wachiwiri amene salembedwa paliponse. Wina ndi kubetcha mpira pafoni, ma K10 ndi ma K20 amene munthu sawamva potuluka. Wachitatu tinamulera ndife akuluakulu: makomiti a maukwati, chitenje cha yunifolomu cha phwando lililonse, zopereka zimene ukakana umatchedwa wodzikonda. Timakulemba m'makomiti anayi pachaka, kenako n'kukufunsa kuti bwanji sunagule puloti. Pepani anzanga a imvi, apa nyani akuseka chikundu cha mnzake.

Ngati uli pachilimba ndi anthu owadziwa bwino, gwiritsa, ndipo tsiku lolandira ndalamayo isagone m'nyumba. Kafunsenso ku NAPSA, bungwe losunga penshoni, ngati zimene amakudula kuntchito zikufikadi. Kuyambira mu 2023 munthu amene wasonkha miyezi 60 amaloledwa kutapako gawo la 20 peresenti kamodzi asanapume, ndipo ena anagulira malo ndalama imeneyo. Sindikukulonjeza nyumba. Mwina udzamanga uli ndi zaka 40, chipinda chimodzi chimodzi, zenera lotseka ndi njerwa podikira galasi. Mwina udzakhala pa lendi zaka zambiri, ndipo zimenezo si uchitsiru kapena tchimo.

Loweruka likubwerali gula shuga wa makilo awiri ndi buledi, uyambe wadzera kwa amayi ako uwauze kumene ukupita. Ukafika kwa amalume usakhale pampando. Gwada, upereke ndi manja awiri, unene kuti pakamwa panakutsogolera. Usatchule za masamu tsiku limenelo, ngakhale akuyambe. Akamwa tiyi mtima n'kutsika, uwafunse mofatsa kuti nyumba yawo anaipeza bwanji, chaka chanji, pa ndalama zingati, ndipo uwasiye afotokoze okha mpaka kumapeto. Ukatero uwafunse za malo a mbumba kumudzi kwa amayi ako: alipobe, akulima ndani, ndipo kodi dzina lako likudziwika kwa a mfumu? Funso limenelo ndi udindo wawo kuliyankha, ndipo ulifunse chaka chino, ogula mapuloti asanafike kumeneko.

Ukabwerako udzandiuze zimene ayankha. Ndili ku Kapata konkuno, nyumba ya mtengo wa kotapela pakhomo.