Funsani Aphungu: Mwana wanga akuphunzira uloya ku England, malipirowa ndi a lamulo?

Aphungu, ndine mayi wa ku Chilenje kuno ku Lusaka. Mwana wanga wamkazi anamaliza digiri ya malamulo ku England ndipo kampani ina ya maloya ku Leeds yamutenga kuti aphunzire ntchito zaka ziwiri asanakhale solicitor, ndiye kuti loya wovomerezeka kumeneko. Akuti azimupatsa £23,000 pachaka. Ine nditawerengera mu kwacha ndinavina mukhitchini, koma iye pafoni akungodandaula kuti ndi zochepa, eti akumudyera masuku pamutu. Kodi kulibe lamulo la malipiro a ana ophunzira ntchitowa?
Mayi wa ku Chilenje

Amayi, mwanayo musamutche wosayamika ayi, ali ndi mfundo. Lamulo linalipo. Kuyambira 1982 kampani iliyonse yotenga wophunzira uloya ku England ndi Wales inkakakamizidwa kumulipira ndalama yoikika, ndipo chakumapeto inali £18,590 pakati pa London ndi £16,650 kunja kwake. Koma bungwe loyang'anira maloya la SRA linachotsa lamuloli pa 1 August 2014, akuti makampani ang'onoang'ono azitha kutenga ana ambiri. Kaya zinathandizadi, ine ndimakayikira, chomwe ndikuona n'chakuti mwana wa osauka ndi amene anavutika chifukwa wa olemera lendi amamulipirira makolo.

Chaka chotsatira Law Society, bungwe loimira maloya a ku England ndi Wales, inayamba kutulutsa ndalama yake yomwe imati makampani azilipira, mu 2024 inali £27,418 ku London ndi £24,320 kwina konse. Koma apa mumvetse bwino, amenewa ndi malangizo chabe, bwana akakana palibe angamutengere kukhoti. Ndiye £23,000 ya mwana wanuyo ili pansi pa malangizo koma pa chokhacho bwanayo sanaphwanye lamulo.

Pomwe pali lamulo lenileni ndi pa malipiro otsikitsitsa a dziko lonse, omwe amawerengedwa pa ola. Mu April 2025 anafika £12.21 kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, ndipo amasintha April aliyense. Tsono muuzeni atenge kontirakiti yake ndi kakyuleta. Ngati alemba maola 35 pasabata, ndiye pachaka ndi maola 1,820, kugawa £23,000 ikubwera £12.64 pa ola, wadutsa pang'ono pokha pa mlingo wa 2025. Koma ngati alemba maola 37.5 ikubwera £11.79, pamenepo bwanayo walakwa basi. Ndipo maloya timawadziwa saweruka 17 hours ngati ku boma, mafailo amawagoneka mu ofesi, ndiye azilemba mukabuku nthawi yolowa ndi yotuluka tsiku lililonse. Akaona kuti sizikukwana ayimbire ACAS, bungwe lothandiza pa nkhani za antchito ndi mabwana, amalangiza ulere, ndipo amene amakakamiza mabwana kubweza ndalama zotere ndi HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho kumeneko.

Asanasaine ayesenso kupempha mwaulemu kuti amufikitse pa ndalama ya Law Society, afunsenso ngati kampaniyo imalipira mayeso a SQE, omwe munthu amalemba kuti akhale solicitor, poti ndi odula kwambiri.

Za kuvina mukhitchini zija, pepani Amayi, dikirani kaye. Pa ndalama ija achotsapo msonkho, National Insurance (ndalama yomwe boma limadula ya penshoni ndi chithandizo china), lendi ya kachipinda kamodzi, basi yopita ku ntchito ndi magetsi otenthetsa nyumba nthawi yozizira. Anzake a ku ZIALE, sukulu ya maloya ya kuno, amakwera minibasi kupita ku attachment thumba lili pululu, nayenso ali mugulu lomwelo kungoti lake ndi la mapaundi. Malata a nyumba aja musayambe mwaoda ku Kamwala, mupatseni zaka ziwirizi amalize.