Funsani Ambuya: nthano zikundithera panjira, ndipite ku wekishopu?

Ambuya, ine ndine mayi wa ana atatu, ndikhala ku Chawama, kwathu ndi ku Katete koma ndinabwera muno ndili wamng'ono. Malaiti akathima ana amandivuta kuti amama tiuzeni nthano, ndikayamba ya Kalulu ndi Fisi imandithera panjira, nyimbo yake ndinaiwala kalekale ndiye ana amayamba kulimbirana foni. Pa gulu lathu la WhatsApp ndaona kuti kuli wekishopu ya tsiku limodzi yophunzitsa kukamba nthano, yolipira. Ndipite kapena ndingotaya ndalama?
Mayi wa ku Chawama

Mdzukulu wanga, ana amene akupemphabe nthano kwa mayi wawo mu Lusaka wa lero ndi ana abwino ndithu, musawagwiritse mwala. Za wekishopuyo musanalipire funsani chinthu chimodzi, kodi aliyense wobwera adzapatsidwa mpata woima ndi kukamba pamaso pa anzake? Ngati eya pitani. Koma ngati ndi zija zakuti munthu mmodzi ali kutsogolo ndi maikolofoni tsiku lonse inu mukungolemba mukope kenaka akupatseni satifiketi, sungani ndalama yanu mugulire makala.

Nthano imaphunziridwa pakamwa ndi m'makutu, ndipo si ntchito ya munthu mmodzi. Wokamba akati "Padangokhala" kapena "Padangotero" omvera amayankha "Tili tonse", ndipo amayankhabe chiganizo chilichonse mpaka nkhani itakhazikika. Tonsefe tinayambira pamenepo, pa kuyankha, ukuyankha uku ukumva pamene agogo akupumira, pamene atsitsa mawu kuti Fisi ali pafupi, pamene afulumira chifukwa Kalulu wathawa. Ndiye ana anuwo choyamba aphunzitseni kuyankha, mwana amene wapatsidwa ntchito yoti "tili tonse" sapeza nthawi ya foni. Ndipo musadumphe ndagi, yambani ndi "Ndagi!" iwo ati "Gize!", nyumba yanga yopanda khomo, aganizeganize mpaka wina akuwe kuti dzira. Pofika pa nthano amakhala atadzuka onse.

Nyimbo mwaiwalayo ndiye vuto lenileni. Nthano zathu zambiri zimayenda ndi nyimbo yobwerezabwereza, wokamba atsogolera omvera avomereza, ndipo nyimboyo ndi imene imakukumbutsa chochitika chotsatira. Ili ngati mzati wa nyumba, ukauchotsa denga silikhala. Kaifuneni, ndipo simufunika kukwera basi ya ku Intercity kuti muipeze, mu Chawama momwemo, ku Matero, ku Mtendere, ku Kanyama muli azimayi achikulire ochokera ku Katete, Chadiza ndi Chipata amene nyimbozi ali nazo m'mutu koma palibe amawafunsa. Yang'anani ku gulu la amayi kutchalitchi, yang'anani pakati pa alangizi, iwo aja ntchito yawo yonse ndi kuphunzitsa ndi nyimbo. Mupite ndi kashuga m'manja, mukhale pansi bwinobwino, muwapemphe chilolezo musanawajambule mawu pafoni, ena safuna ndipo ndi ufulu wawo. Mukadzapita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti musangoonera Gule ndi kubwerera, gonani kwa abale mumve za kumudzi kwenikweni.

Tsono msonkhano wabwino koposa mungauyambitse nokha. Mabanja atatu kapena anayi a pafupi, Loweruka madzulo, mphasa pakhonde, mbaula pakati ndi mbatata zili paphulusa. Agogo akambe nthano imodzi yokha. Akatha wina wamkulu aibwereze yomweyo m'mawu ake, kenaka mwana wokulirapo aibwerezenso, apa mudzaseka chifukwa aliyense Fisi wake amalira mosiyana, ndipo agogo azikonza pamene padumphidwa. Sabata yotsatira yambani ndi nthano yomweyo musanatenge ina. Anthu amathamangira kusonkhanitsa nthano zambiri, ine ndimati zitatu zozidziwa bwino, nyimbo zake ndi mawu a nyama zake zonse, zikukwanirani chaka chino.

Pokamba musachite manyazi ndi thupi lanu. Njovu ilankhule ndi mawu a pansi, Kamba achedwe mpaka ana atope naye, mwala ukagwa m'madzi unene kuti chubwi! ndipo dzanja ligwe nawo. Achikulire a muno akukumbukabe Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya boma m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, munthu mmodzi yekha koma amasintha mawu mpaka womvera kuona mudzi wonse. Afunseni agogo anuwo za iye muone nkhope zawo. Potseka nenani kuti "Kaphuleni mbatata pamoto" ana ayankhe "Yapserera!", ndiye mbatata zenizenizo ziphulidwe. Pa 20 Malichi ndi tsiku lokumbukira kukamba nthano pa dziko lonse, kagulu kanuko kakakhwima mudzaitane aneba ambiri tsiku limenelo.

Ambuya, ndine mphunzitsi wachinyamata ku Matero, ndifuna kuyamba kalabu ya nthano pasukulu koma ana anga amalankhula Chinyanja cha mutauni chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi. Ndiwakakamize Chichewa chenicheni?
Mphunzitsi, Matero

Ayi aphunzitsi, mukawakakamiza adzangokhala chete. Asiyeni afotokoze m'chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku, akati "manje Kalulu anayenda" musawadule pakamwa. Koma zitatu izi zikhale mmene zilili, mawu otsegulira, nyimbo, ndi miyambi ya mkati, pamenepo ndi pamene mawu akale adzalowa okha. Mwana wa Chibemba kapena Chitonga abwerenso ndi ya kwawo akambe, adzadabwa kupeza kuti Kalulu yemweyo amavutitsa anthu konsekonse. Makolo ena adzanena kuti nthano sakamba masana, ndi zoona akale amaletsa, masana inali nthawi ya kumunda. Ikani kalabuyo ana akaweruka, ndipo kamodzi pa temu muitane gogo wa mmodzi wa anawo, mumukonzere mpando ndi ya transipoti.