Funsani Achimwene: Sudoku ya bolopeni, yopanda timanambala ta m'makona

FUNSO: Achimwene muli bwanji kumeneko. Ine ndine mlonda kuno ku Nchalo, ntchito yanga ndi ya usiku nde kuti tulo tisandibe ndimachita sudoku ya m'nyuzipepala zakale zomwe abwana amataya. Mwana wanga wa Fomu 3 anandiphunzitsa kumalemba timanambala ting'onoting'ono m'makona mwa kabokosi kalikonse, koma ine pensulo ndilibe ndimagwiritsa bolopeni yolembera m'buku la pageti, ndiye ndi kutentha kwathu kuno kwa Okutobala thukuta likangodonthera pepala limanyowa mpaka kubooka, pofika 2 koloko pamangokhala uve wokhawokha sindionanso kuti nambala yeniyeni ndi iti. Kodi zingatheke kumaliza osalemba timanambalati? Takhuta.
Mlonda, Nchalo

YANKHO: Zimatheka bambo, koma musinthe funso lomwe mumadzifunsa. Lamulo la sudoku mukulidziwa: manambala 1 mpaka 9, iliyonse ioneke kamodzi basi pa mzere uliwonse, wopingasa kaya wotsika, komanso m'bokosi lililonse lalikulu la timabokosi 9. Mwana wanuyo amaloza kabokosi kamodzi n'kufunsa kuti muno mungalowe manambala ati, nde mayankho amabwera anayi kaya asanu, mutu sungasunge zonsezo pa timabokosi 81, n'chifukwa chake amalemba. Inu gwirani nambala imodzi basi muzifunsa kuti kodi iyeyu malo ake ali pati m'bokosi lalikululi.

Tiyerekeze 7. Yang'anani mabokosi atatu akuluakulu a pamwamba. La kumanzere 7 wake ali pa mzere woyamba, la pakati 7 wake ali pa mzere wachitatu, ndiye kuti la kumanja 7 alibe kothawira koma mzere wachiwiri. Pamenepo pali timabokosi titatu. Kamodzi muli kale 4. Kena mukatsetsereka ndi chala kutsika mmunsi mukupeza 7 wina ali pa mzere wotsikawo, katsekedwa. Katsala kamodzi, lembani 7 ndi bolopeni yanuyo mopanda mantha. Yambani ndi nambala yomwe yaoneka kambiri pa pepalapo chifukwa ndi imene yatseka njira zambiri, mukatha muzungulire 1 mpaka 9, kenako mubwererenso chifukwa nambala iliyonse yomwe mwalemba imatsekanso kwina komwe poyamba kunali kotsegula. Mzere ukatsala ndi malo awiri kapena atatu, pamenepo nde werengani chamumtima kuti akusowa ndani.

Pomwe anthu ambiri amagwa mphwayi ndi pamene malo atsala awiri. Musalembe, ikani zala. Tinene m'bokosi lina 3 angalowe malo awiri okha, ndipo mukuona kuti 8 nayenso angalowe malo awiri omwewo, basi timabokosi timeneto ndi ta 3 ndi 8, simukudziwa kuti uyu ali kuti koma mukudziwa kuti mlendo wina sangalowemo. Phimbani ndi zala ziwiri ngati mwadzaza kale, muona kuti 6 yemwe amakuzunguzani watsala ndi malo amodzi. Chimodzimodzi ngati 5 wa m'bokosi lina malo ake onse ali pa mzere umodzi, mzere umenewo waugwira iyeyo, m'mabokosi oyandikana nawo 5 sangakhalenso pa mzerewo. Inu a kuchigwa bawo mumaidziwa, akuluakulu aja pansi pa mtengo sagwira nkhomo asanawerenge m'mutu kuti dzanja likathera dzenje liti, ndipo sindinaonepo wina atatenga kope kumalemba. Mutu wake ndi womwewo.

Chomwe ndikukuletsani ndi kulota. Ndi bolopeni mukangoti kaya ndingoikapo 2 tione, mwaphika nsima yosapsa, mudzazindukira kumapeto ma 2 awiri ali pa mzere umodzi ndipo komwe munalakwitsa simudzakupezanso. Ine zinandichitikira mu minibasi tikukwera zitunda za ku Thabwa kupita ku Blantyre, ndinalota kamodzi kokha pa kona ina, pofika pamwamba pepala lonse linali la kukulungira mandasi. Sudoku yokonzedwa bwino yankho lake ndi limodzi ndipo nambala iliyonse ili ndi chifukwa chake, mukakanika ikani pansi mukazungulire mpanda ndi tochi, pobwera maso amaona zina.

Komanso ndisakunamizeni, zija amalemba kuti zovuta kwambiri zimafuna kusunga zinthu zambiri nthawi imodzi, ngakhale akatswiri amalemba timanambala. Pa zimenezo mwana wanu sanalakwe, mubwerekeni pensulo ndi labala. Kapena ndi bolopeni yomweyo muzilemba pokhapo pomwe nambala yatsala ndi malo awiri m'bokosi, kwina konse ayi, pepala likhalabe loyera.

FUNSO: Ine masamu ndinalephera pa MSCE, sudoku ndingaithe? Amati ndi masamu a ku Japan.
Mayi wogulitsa nsomba, Bangula

YANKHO: Mayi, mulibe kuphatikiza kapena kuchotsera mmenemu, mutachotsa manambala n'kuikamo mayina a nsomba 9 masewera ake sasintha, lamulo ndi loti mlamba usaoneke kawiri pa mzere umodzi kapena m'bokosi limodzi. Za Japan nzoona pang'ono chabe. Anayambitsa ndi Howard Garns wa ku America mu 1979 pa dzina loti Number Place, kampani ya Nikoli ndi yomwe inaitengera ku Japan mu 1984 n'kuipatsa dzina la sudoku, ndipo inafala dziko lonse Wayne Gould wa ku New Zealand ataipititsa ku nyuzipepala ya The Times ku London mu 2004. Poyamba sankhani zolembedwa kuti zophweka, zokhala ndi manambala ambiri oikidwa kale. Ochepetsetsa omwe sudoku ya yankho limodzi ingakhale nawo ndi 17, akatswiri a masamu anatsimikiza zimenezi mu 2012, koma zoterozo zisiyeni kaye mpaka makasitomala atachepa pa msika.