Za ulendo wa mayi anu wa ku London, musawapatse mankhwala ogonetsa

Achemwali, mwafunsa za ulendo wa mayi anu wokaona mdzukulu ku London: makilo a katundu, ngati anganyamule ufa, ndi mankhwala oti amwe kuti agone m'ndege poti nkoyamba kukwera. Za katundu ndi ufa ena ayankha kale. Ine ndiima pa mankhwala ogonetsawo, chifukwa ndaona wina walemba kuti angomwa piriton ndi aspirin, akadzukira ku Heathrow. Chonde musatero. Mwanena kuti mayi adutsa zaka 60 ndipo ndi athupi. Munthu wotere m'ndege akufunika kudzuka ndi kuyendayenda, osati kugona tulo tofa nato atapinda miyendo usiku wonse.

Chimene ndikuopa ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya mkati mwa mwendo, achipatala amati DVT. Magazi a kumiyendo amakwera kubwerera kumtima chifukwa akatumba amawakankha tikamayenda, ngati mjigo, osaupopa madzi sakwera. Ukakhalitsa pampando magazi aja amayenda mwaulesi ndipo akhoza kuundana. Choundanacho chikathothoka chimakatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo munthu akhoza kufa mwadzidzidzi. Bungwe la WHO linatulutsa kafukufuku mu 2007 wosonyeza kuti ulendo wopitirira maola 4 uli chikhalire umachulukitsa chiopsezochi kawiri. Pa anthu wamba chimakhalabe chochepa, pafupifupi mmodzi mwa 6,000, ndiye ulendo musaulepheretse. Koma chimakwera kwa achikulire, onenepa, oyembekezera kapena amene angobereka kumene, omwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, odwala khansa, ochitidwa opaleshoni posachedwa, ndi amene magazi anawaundanapo kale.

Tawerengani maola ake. Kuchoka pa boma pa Ntcheu kukafika ku bwalo la ndege ku Lumbadzi akhala kale m'galimoto maola ngati atatu. Ndege ya Ethiopian kukafika ku Addis Ababa ndi maola ngati 4, kenako ina ya ku London ngati 8, usiku. Ndipo makolo athuwa mukuwadziwa. Akakhala pawindo amachita manyazi kudzutsa mlendo amene wagona pambali pawo kuti apite kuchimbudzi, ndiye amangokana madzi dala, nkukhala duu mpaka kutera.

Ine izi ndinazionera pa mlamu wanga wa kuno ku Dedza, amene amakaoda katundu ku China. Mtsikana ndithu, sanafike zaka 40, koma amamwa mapiritsi olera. Atabwerako anakhala bwinobwino, kumasula mabelo, kugawa katundu kwa makasitomala. Patapita masiku angapo mwendo wakumanzere unatupa kuyambira pabondo kutsika, katumba kulimba gwa, ukagwira kutentha, nsapato ya mbali imodziyo osalowa. Kunyumba anati ndi nyamakazi, mukudziwa kuzizira kwa kuno. Ena anayamba kunong'ona kuti anzake a geni amuchita chipongwe. Ndiye anamuthowa ndi madzi otentha, kumusisita ndi mafuta m'mawa ndi madzulo, osadziwa kuti kusisitako kukhoza kuthothola choundana chija. Tsiku lina akuchokera kumsika anangokhala pansi m'mbali mwa msewu, befu, atagwira pachifuwa, kulephera kumaliza mawu. Tinathamangira naye kuchipatala, anatitumiza ku Lilongwe kukaunikidwa, ndipo anapeza kuti zafika kale m'mapapo. Anapulumuka, koma ndi majakisoni a pamimba, kenako miyezi yambiri akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi kumakayezetsa magazi pafupipafupi. Geni inaima nthawi yonseyo. Mpaka lero ndikamva munthu akuti mwendo umodzi watupa atachoka paulendo, mtima umandigunda.

Choncho uzani amene akugula tikiti asankhe mpando wa m'mbali mwa kanjira, ngakhale zitafuna kuwonjezera ndalama pang'ono. Mayi azidzuka pakatha ola limodzi kapena awiri, kuyenda mpaka kumbuyo kwa ndege nkubwerera, palibe amene angawadzudzule. Akakhala pansi azikweza zidendene, kenako zala za kumapazi, kuzunguza mapazi mobwerezabwereza. Chikwama asachiike kumapazi, chikwere pamwamba kuti miyendo iwongoke. Madzi azimwa, kuchimbudzi azipita, nkuyenda komweko. Pa Addis podikira ndege ina asakhale pabenchi nthawi yonse. Avale zomasuka, lamba kapena chitenje chomanga kwambiri m'chiuno ayi.

Pali masokosi othina olekeza m'munsi mwa bondo opangidwira maulendo otere, ndipo amathandizadi. Ku UK amakhala cha m'ma £10 mpaka £20, ndiye ngati pali wina akubwera kumudzi ulendo usanafike, mng'ono wanu wa ku London atumize. M'mafamase a ku Lilongwe ndi Blantyre funsaninso, koma konzekerani kuti akhala okwera mtengo. Ayezeni kaye katumba ndi tepi ya telala kuti mugule saizi yake. Musatole masokosi a mpira pa kaunjika nkumati ndi omwewo, ndipo asawapinde kukamwa kwake chifukwa amamanga mwendo ngati chingwe. Ngati mayi ali ndi shuga kapena zilonda za kumiyendo, adokotala avomereze kaye.

Za aspirin, madokotala salimbikitsa kumwa chifukwa cha ulendo wokha, ndipo kwa wa zilonda za m'mimba akhoza kuyambitsa kutaya magazi. Pitani nawo kuchipatala kukadali milungu ingapo, munene maola a ulendo ndi matenda onse amene ali nawo. Amene chiopsezo chake nchachikulu amapatsidwa jakisoni woletsa magazi kuundana, koma woganiza zimenezo ndi dokotala, osati ife a m'gulu muno.

Akafika, mapazi onse awiri kutupa pang'ono sizachilendo, amaphwa okha. Choopsa ndi mwendo umodzi kutupa, kupweteka, kutentha kapena kusintha mtundu, ndipo zikhoza kuyamba ngakhale patapita milungu itatu kapena inayi. Zikatero asathowe, asasisite, mng'ono wanu aimbe 111, nambala ya achipatala ku UK, tsiku lomwelo. Akayamba kubanika, kumva kubaya pachifuwa kapena kutsokomola magazi, aimbe 999, nambala ya ambulansi, nthawi yomweyo. Pobwerera kumudzi malangizo ndi omwewa, ndipo kuchipatala muzinena msanga kuti achoka paulendo wautali.

Inu a mabasi a ku Joni odutsa pachipata cha Dedza pano, nkhaniyi ikukukhudzaninso, maola anu ndi ochuluka kuposa a ndege. Basi ikaima pa Tete kapena pa Beitbridge tsikani muyendeko, musatsalire m'kati kulondera katundu.